Siponji ya air cleaner musaichape ndi petulo, achimwene

Achimwene, mwafunsa zinthu zitatu: kachapidwe ka siponji ya mu air cleaner (bokosi losefa mpweya wolowa mu injini), oilo wabwino wa injini, komanso chifukwa chimene njinga yanu yamoto ya Lifo yayambira kumwa petulo kwambiri chiigulireni kwa mwini wake woyamba. Za oilo wa injini ayankhe ena. Ine ndinena za siponji, chifukwa imeneyi inandidyera ndalama ndipo sindifuna kuti inunso mudutse momwemo.

Amene akulangiza kuti siponjiyo "ingoviikani m'petulo, mufinye, mubwezere", ndikuwapempha atiuze kuti injini zawo atsegula kangati. Inenso ndinkakhulupirira zomwezo. Chaka china mu October, fumbi lili pachimake m'misewu ya ku Dowa ndi Ntchisi kumene ndimanyamula anthu, ndinasiya njinga kwa mnyamata wina wokonza pa trading centre. Iye anachotsa siponji, kuiviika m'petulo, kuipotokola ngati akufinya chitenje, kuikutumula kawiri, n'kubwezera ili youma, yopanda ndi dontho lomwe la oilo. Njinga inalira bwino zedi tsiku limenelo, ine n'kumuwonjezera ya Fanta. Mwezi usanathe inayamba kufooka pa mtunda, kumbuyo utsi wa buluu, oilo kumatsika masiku atatu alionse. Titatsegula tinapeza pakhosi pa kabureta (posakanizira petulo ndi mpweya) pali phala lofiira la fumbi, siponji itang'ambika pamsoko pomwe anamata ndi guluu, ma ring atadyeka. Ndinabowetsa block (momwe pisitoni imayendamo), kugula pisitoni ndi ma ring. Ndalama ya milungu iwiri inathera pamenepo, osawerengera masiku amene njinga inangokhala pakhonde ana akundiyang'ana.

Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti siponji payokha siigwira fumbi. Timabowo take n'tatikulu kuposa fumbi losalala lija la m'chilimwe. Chimene chimagwira ndi oilo amene ali m'siponjimo, monga ulimbo ugwirira mbalame: mpweya umakhotakhota m'timabowo, fumbi n'kumamatirira. Siponji youma ndi kamtengo kopanda ulimbo. Fumbi likalowa n'kusakanikirana ndi oilo wa injini limasanduka sandpaper, pisitoni ikamakwera ndi kutsika kumakhala kukhula khoma la block. Petulo ndiye amasungunula guluu wa pamsoko ndi kufoola siponji mpaka iyambe kunyenyeka, osanenanso za moto mukamachapira pafupi ndi mbaula kapena munthu wosuta.

Musanachite chilichonse tsegulani muone ngati yanu ilidi siponji. Njinga zina zimabwera ndi ya pepala yopindapinda, ndipo imeneyo siichapidwa kapena kupakidwa oilo, ikada mumangogula ina. Ma Yamaha DT 125 ndi AG 200 amene alangizi amayendera kumidzi, ndi njinga zambiri za ku China za 125, zimakhala ndi siponji.

Ine ndimachita chonchi. Ndikachotsa siponji, choyamba ndimatseka bowo lopita ku kabureta ndi kansanza koyera, kenako n'kupukuta m'bokosimo ndi kansanza kena konyowa. Musauzire ndi pakamwa kapena kompresa bowo lili pululu, mukhala mukulowetsa nokha fumbi lomwe mukuthawalo. Siponjiyo ndimaiviika m'palafini, theka la kapu limakwana, n'kumaifinya m'manja pang'onopang'ono kufikira oilo wakale atasungunuka. Kufinya, osati kupotokola ayi. Ndikatero ndimaichapa m'madzi ofunda ndi sopo wamadzi wotsukira mbale, kawiri kapena katatu, mpaka madzi azituluka oyera opanda thovu. Ndiye iume. Apa ndi pamene ambiri amalephera kuugwira mtima, chifukwa kasitomala akuimba. Muiyanike pamthunzi pomwe pakudutsa mphepo, osati pamoto, osati pa ekizozi, osati padenga la malata masana. Mukapaka oilo ili ndi madzi m'kati, oilo samamatira. N'chifukwa chake ine ndili ndi ziwiri: ina ili m'njinga, ina yauma kale ikudikira m'jumbo.

Oilo wake: ulipo wopangidwira siponji, womata kwambiri, koma kuno ngovuta kuupeza ndipo ngodula. Oilo wa injini watsopano, yemweyo mumathira m'njingamo, amagwira ntchito. Mabuku a njinga zakale za Honda amatchula oilo wa giya wa SAE 80 mpaka 90, ndipo ine ndimakonda ameneyo chifukwa ngolimba, satsikira pansi pa bokosi njinga ikagona usiku. Koma chonde, oilo wakuda wokhetsa mu injini ayi. Ndaona wina walemba kuti ndiye wosaboola m'thumba. Mumenemo muli tizitsulo ndi mwaye, zomwezo zimene mukufuna kuti zisalowe.

Ikani siponji m'jumbo, thiranimo masipuni awiri kapena atatu a oilo, muzikanya muli kunja kwa jumboyo mpaka mtundu ufanane paliponse, pasakhale malo otuwa. Kenako finyani mwamphamvu wotsalayo atuluke, mupsinjenso m'kansanza koyera. Izikhala yonyowa koma osadontha. Mukachulutsa, injini imabanika, pulagi imada bii, ndipo petulo amatha msanga. Siponji yotsekeka ndi fumbi imachitanso chimodzimodzi, ndiye pa funso lanu lachitatu lija yambirani pamenepa musanalole munthu kugwira sikuluwu za kabureta. Pobwezera pakani girisi pang'ono m'mphepete momwe siponji ikhudzana ndi bokosi, chifukwa fumbi limakonda kuzembera m'mbali. Ndipo chotsani kansanza kaja! Ndinaonapo munthu akukankha njinga mpaka thukuta kamukamu, kansanza kali pakhosi pa kabureta.

Kuchapa kangati? Za makilomita a m'buku zisiyeni, anawerengera msewu wa tala. Kuyambira August mpaka mvula yoyamba, ine ndi Lamulungu lililonse madzulo. Nthawi ya dzinja kamodzi pamwezi, pokhapokha mutawoloka madzi akuya, pamenepo tsegulani tsiku lomwelo.

Ngati njingayo mwini wake woyamba sankaisamala, mwina siponjiyo yatha kale. Itsineni ndi zala: ikamasiya tinyenyeswa kapena osabwerera mwakale, tayani. Ndinagula yomaliza kwa ogulitsa ma spare ku Malangalanga ku Lilongwe pa K4,000 kapena K5,000 penapake, koma chigwereni kwacha mu November 2023 mitengo siigona malo amodzi, ndiye nyamulani ndalama yoposerapo. Musanataye siponji yakaleyo, itengeni mukayerekeze pomwepo, chifukwa zimafanana ndi maso koma zimasiyana kukula. Zodula siponji ya matiresi kapena yotsukira mbale musayese, imanyenyeka ikakumana ndi oilo ndipo zidutswazo zimathera mu kabureta.

Muli pomwepo, suzumirani pansi pa bokosi la air cleaner. Pa njinga zambiri pali kapaipi kolendewera kokhala ndi chotsekera kumapeto. Tsegulani mukhetse madzi ndi oilo zimene zadikha, mutsekenso bwino, ndipo muonetsetse kuti labala yolumikiza bokosi ndi kabureta siinang'aluke ndi dzuwa.