Namgumi amakhuta bwanji ndi tinkhanu tosaposa chala?

Mphunzitsi wina wa ku Lobi, ku Dedza, watumiza imelo. Akuti ana a m'kalasi mwake akukana zoti nyama yaikulu kuposa zonse padziko imadya tinkhanu ting'onoting'ono, ndipo akufunsa kuti adapita ndani pansi pa nyanja kukaona.

Aphunzitsi, anawo afunsa zanzeru. Namgumi wa mtundu wa blue whale amatalika mpaka mamita 30, koma mano alibe. Amadya krill, tinkhanu toyenda m'chigulu. Satola kamodzikamodzi ayi. Amathamangira chigulucho n'kuyasamula, khungu la pakhosi lamakwinya lija n'kufutukuka, ndipo madzi olowa pa nthawi imodzi amatha kulemera ngati thupi lake lonse. Akatseka pakamwa amakankha madziwo ndi lilime kudzera mu baleen, timapale tamanyenje tolendewera kunsagwada yakumwamba, togwira ntchito ngati sefa. Madzi amatuluka, krill n'kutsalira.

Kadyedwe kameneka n'kolemetsa. Pakamwa pakatseguka liwiro limatheratu, ndipo kuliyambanso kumadya mphamvu ndi mpweya umene watsika nawo. N'chifukwa chake chigulu chikakhala chochepa amangochidutsa.

Tsono adaona ndani? Ofufuza amayandikira pa boti laling'ono namgumi akatulukira kudzapuma, n'kumumata kumsana kachipangizo pogwiritsa ntchito ndodo yaitali. Kali ndi timakapu tomamatira pakhungu osabaya, kamera, ndi zoyezera kuya komanso kugwedezeka kwa thupi. Pakapita maola kamamatuka n'kuyandama, ndipo amakapeza potsatira wailesi yake. Kakamatuka msanga, kapena mafunde akakatengera kutali, ntchito yonse yalowa m'madzi.

Mu 2019 gulu la Jeremy Goldbogen wa ku Stanford University lidalengeza zimene lidapeza litayeza kugunda kwa mtima wa blue whale ku Monterey Bay, m'nyanja ya kugombe la California ku America. Ali pansi, mtima udatsika mpaka kugunda kawiri pa mphindi. Atatulukira udafika 37. Kwa ine apa ndiye pagona nkhani, chifukwa thupi limasunga mpweya m'magazi ndi m'minofu, kenako n'kumaugwiritsa ntchito mosamalitsa. Mu 2021 kafukufuku wa m'magazini ya Nature adawerengera kuti blue whale mmodzi amatha kudya matani 16 a krill pa tsiku.

Anawo muwauzenso kuti anamgumi sadya chonchi chaka chonse. Anamgumi a humpback amene amabwera kudzaberekera kugombe la Mozambique nyengo yozizira amakhala atadyeratu ku Antarctica, ndipo miyezi imeneyo amadalira kwambiri mafuta a m'thupi.