Mafunso pa chiyankhulo cha Chichewa: mawu a kukhitchini m'mafilimu a zakudya

Makalata a mwezi uno achokera ku Mzuzu, ndipo ambiri akukhudza mafilimu amene nkhani yake yaikulu ndi chakudya ndi kuphika. Ndafupikitsa mafunso ena, koma mfundo za olemba sindinazisinthe.

Funso loyamba lachokera kwa mnyamata wa ku Chibavi: "Aphunzitsi, ine ndimamasulira mafilimu m'Chichewa kuti anthu azionera m'nyumba zoonetsera mavidiyo. Posachedwapa ndinamasulira Ratatouille, ndipo kanyama kophika kaja ndinakatcha mbewa poopa kuti ana anganyansidwe ndikati khoswe. Mkulu wina wandidzudzula. Kodi ndinalakwa?"

Mkuluyo sanakulakwireni, achimwene. Filimuyi, imene kampani ya Pixar inatulutsa mu 2007, imasimba za Remy, kanyama kokonda kuphika kamene kanalowa m'khitchini ya lesitilanti ina ku Paris, ndipo nkhani yonse yatsamira pa mfundo yakuti kanyamako ndi mdani wa khitchini, kotero kuti kakangooneka anthu amatola tsache kapena kuthawa. Chichewa chimasiyanitsa bwino nyama ziwirizi. Khoswe amakhala m'nyumba, amaboola matumba a chimanga, amayenda patsindwi usiku, ndipo sadyedwa. Mbewa ndi ya kutchire, imakumbidwa m'minda anthu akakolola, ndipo kwa Achewa ambiri ndi ndiwo. Aliyense amene wayendapo pamsewu wa M1 m'chigawo chapakati anawaona anyamata akugulitsa mbewa zopanidwa patimitengo. Mukati mbewa ikuphika, woonera wa ku Dedza kapena ku Ntcheu amva kuti ndiwo yagwira mthiko, ndipo aseka nthabwala imene eni filimu sanaiganizepo. Kunyansidwa kumene munkakuthawako ndiko kumene filimuyo ikufuna kuti woonera ayambe nako, kuti pambuyo pake adabwe. Makolo anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo ndikuona kuti mwambiwu ukanakuthandizani pamene eni lesitilanti azindikira kuti mbiri yawo yonse yadalira pa kanyama kamene sangakaonetse kwa makasitomala. Kumbukiraninso kuti akachuluka timati makoswe, monga khasu ndi makasu. Dzina lakuti Ratatouille, lomwe ndi la chakudya cha mabiringanya, tomato, anyezi ndi zina zophikidwira pamodzi, lisiyeni momwe lilili, chifukwa dzina la ndiwo za eni ake silimasuliridwa, monganso sitingayembekezere Mfalansa kupezera kondowole dzina lina.

Funso lachiwiri ndi la mayi wina wa ku Katoto: "Ndikaonera mafilimu omasuliridwa, womasulira amangoti akuphika, akuphikabe, wamaliza kuphika, pamene pachithunzipo munthu akuchita zinthu zosiyanasiyana. Kodi Chichewa chilibe mawu okwanira a kukhitchini?"

Mayi, mawuwo alipo ochuluka, ndipo ndikukhulupirira kuti inu nomwe mumawatchula tsiku ndi tsiku osazindikira kuti ndi chuma. Vuto la omasulira ambiri ndi lakuti amatsata mawu a Chingerezi amene akumva, pamene filimu ya chakudya imayankhula kwambiri ndi manja a wophika kusiyana ndi pakamwa pake. Amene akufuna kumasulira bwino ayang'ane manjawo, kenako adzifunse kuti agogo ake akanati munthuyo akuchita chiyani.

Tengani nsima yokha. Mayi amayamba ndi kutereka mphika pamafuwa kapena pambaula. Madzi akafunda amathira ufa pang'ono kuti pakhale phala, ndipo phalalo likabwata mpaka kumathovokera m'manja, amawonjezera ufa uku akuvundula ndi mthiko. Nsima ikayamba kulimba amaithyakula, kuikanikizira m'mbali mwa mphika kuti isakhale ndi mibulu. Akatero amaphula mphikawo, n'kuviika chipande m'madzi ozizira kuti nsima isamatirire, n'kuyamba kuomola mitanda. Zotsalira zouma pansi pa mphika ndi nkhoko, ndipo nsima imene yagona mpaka m'mawa ndi mkute. Wakudya naye ali ndi mawu ake: amatema mbamu, n'kusunsa mu msuzi. Chakudya chimodzi chokhachi chatipatsa mawu oposa khumi.

Pa ndiwo mawu ake ndi enanso. Kukazinga kuli pawiri: timakazinga nyama kapena tchipisi m'mafuta pachiwaya, komanso timakazinga mtedza kapena chimanga chouma popanda dontho la mafuta. Kuotcha ndi kuika chakudya pamoto penipeni kapena pamakala, monga chimanga chachiwisi, mbatata ndi nyama ya kanyenya. Kuwamba ndi kuumitsa nsomba kapena nyama pamoto wa utsi kuti isungike, ndipo nsomba zambiri zimene zimafika mumsika wa Mzuzu kuchokera ku Nkhata Bay zimakhala zowamba. Kufutsa ndi kuwiritsa pang'ono kenako kuyanika padzuwa, ndipo n'chifukwa chake tili ndi mfutso komanso usipa wofutsa. Kutendera ndi kuthira nsinjiro, pamene thobwa ndi mowa timachita kufulula. Choncho wophika wa m'filimu akaika nyama pamakala, womasulira anene kuti akuotcha. Akachotsa poto pamoto, wauphula. Akagawa chakudya m'mbale, akupakula.

Ndiyenera kuvomereza kuti pali ntchito zina za kukhitchini zimene tilibe liwu lake lapadera, chifukwa makolo athu sankazichita kawirikawiri. Buledi ndi keke timangoti kuphika, ngakhale zimalowa mu uvuni, ndipo chakudya chopsa ndi nthunzi timachifotokoza momwemo kuti chaphikidwa ndi nthunzi. Pamenepa palibe chifukwa chopekera liwu lachilendo limene woonera sangalimve. Chimene ndimadandaula nacho ndi kutaya mawu amene tili nawo kale.

Liwu limodzi lofunika kusamala nalo ndi kupsa. Nsima imapsa, mango amapsa, nyumba nayo imapsa. Ndinamvapo womasulira wina akufuula kuti nyama yapsa pamene wophika wa m'filimu ankalira chifukwa nyamayo inali itada bii, ndipo oonera anadabwa kuti munthu akulirira chiyani chakudya chitapsa. Liwu loyenera pamenepo linali lakuti yapserera.

Bambo wina wa ku Mchengautuwa wafunsa mwachidule kuti cholondola n'chiti pakati pa filimu ndi kanema. Onse awiri ndi mawu obwereka amene anakhazikika, ndipo mungagwiritse ntchito lililonse, bola musasokoneze mgwirizano wake. Timati filimu yabwino, mafilimu abwino, koma kanema wabwino, makanema abwino. Kanema ali ndi ntchito yotambasuka pang'ono, chifukwa timatinso wailesi ya kanema, ndipo ngakhale kachidutswa kojambulidwa pafoni timakatcha kanema, pamene filimu kawirikawiri ndi nkhani yathunthu yokhala ndi osewera.

Wophunzira wina wa ku Luwinga walemba kuti: "Kwathu timayankhula Chitumbuka, ndipo ndikamva m'filimu yomasuliridwa munthu akuti chakudya chakoma, khutu langa limamva zina. Kodi palibe liwu lina? Nanga kukoma ndi kutsekemera n'chimodzimodzi?"

Ndikukumvetsani, chifukwa m'Chitumbuka kukoma ndi kupha. Nditangofika kumene ku Mzuzu zaka zapitazo, banja lina linandilandira ndi kondowole ndi nsomba, ndipo ine pofuna kuthokoza ndinati nsombayi yakoma. Agogo a pakhomopo anaika mbamu yawo pansi, n'kundifunsa akumwetulira kuti, "Yakoma njani?" kutanthauza kuti yapha ndani. Ankadziwa bwino lomwe chimene ndimanena, koma mwayi wonyogodola mlendo sakanaulola kuti udutse. Tsiku limenelo ndinaphunzira kuti iwo amati kunowa, kuti ndiwo ndi dende, ndipo masamba ndi mphangwe. Komabe m'Chichewa kukoma ndilo liwu lake, ndipo sitingalisinthe chifukwa chakuti likufanana ndi liwu la chiyankhulo china. Anthu a mu Mzuzu amayankhula ziyankhulo zonse ziwiri tsiku lililonse, ndipo amadziwa kuti chiganizo chili m'chiyankhulo chiti.

Kukoma ndi kutsekemera n'zosiyana. Kukoma ndi kwa chakudya chilichonse chimene chasangalatsa pakamwa, kaya ndi nyemba, kaya ndi chambo, ndipo liwuli limapitirira chakudya, pakuti nyimbo imakoma, ndiponso munthu amakhala wokoma mtima. Kutsekemera, kumene ena amati kuzuna, ndi kwa shuga, uchi, nzimbe ndi nthochi yakupsa. Amene anganene kuti nyama yatsekemera akutiuza kuti wina wathiramo shuga. Mchere ukakwana bwino m'ndiwo timati wakolera, ukachuluka timati ndiwo zawawa mchere, ndipo msuzi wochuluka madzi timati wasukuluka. M'mafilimu amenewa mumakhala kawirikawiri munthu wolawa chakudya, amene amatseka maso asananene kanthu, ndipo womasulira amene ali ndi mawu onsewa sangasowe chomuyankhulitsa. Asamalenso ndi mphuno: chakudya chabwino chimanunkhira, choola chimanunkha, ndipo kachidutswa kakang'ono ka kumapetoko kakasowa, chiyamiko chimasanduka chipongwe.

Funso lomaliza lachokera kwa bambo amene amaphunzitsa achinyamata ntchito za m'mahotela: "Ophunzira anga amakana kutchedwa makhukhi, amafuna kuti tiziti mashefu. Kodi m'Chichewa cholembedwa tigwiritse ntchito liti?"

Bambo, ophunzira anuwo akumva chinthu chenicheni. Khukhi ndi liwu lobwereka lakale, ndipo linalowa m'Chichewa limodzi ndi ntchito ya m'nyumba za azungu ndi za mabwana, kotero kuti mpaka lero limanyamula fungo la wantchito wolembedwa pakhomo kapena wophikira ana a sukulu yogonera konko. Shefu ndi lobwera posachedwa, ndipo limamveka m'mahotela ndi pa wailesi ya kanema. Polemba mwaulemu ine ndimakonda kunena kuti wophika, ndipo ngati ndi munthu wa luso lapadera kapena woyang'anira anzake, ndimati katswiri wophika kapena mkulu wa ophika, chifukwa mawu amenewa amamveka kwa aliyense, wa m'tauni ndi wa kumudzi yemwe.

Pali filimu imodzi imene kusiyana kumeneku kuli pamtima pa nkhani yake, ndipo mungawaonetse ophunzira anu. Ndi Babette's Feast ya ku Denmark, imene inatuluka mu 1987 n'kupata mphoto ya Oscar chaka chotsatira. Mayi wa ku France amathawa chipwirikiti cha ku Paris cha mu 1871 n'kukafikira m'mudzi wa anthu opembedza kwambiri, kumene amagwira ntchito zaka zambiri pakhomo pa amayi awiri apachibale, akuwaphikira zakudya wamba. Atapata ndalama zokwana mafalanki 10,000 pa mpikisano wa mwayi, amazithera zonse pa chakudya cha usiku umodzi cha anthu 12, ndipo pamapeto pake zimadziwika kuti kale anali mkulu wa ophika pa lesitilanti yotchuka ya Café Anglais. Womasulira filimu imeneyi ayenera kumutcha khukhi kuyambira pachiyambi, chifukwa ndi momwe anthu a m'mudzimo ankamuonera, ndipo asunge mawu akuti katswiri wophika kufikira pamene chinsinsicho chaululika. Akafulumira kumutcha shefu atangofika pakhomo ndi katundu wake, waulula mathero a filimu isanafike ndi pakati pomwe.

Chakudya cha usiku umenewo tichitche phwando, ngakhale kuti kwathu kuno liwuli limatikumbutsa chinamtindi cha anthu, ng'oma ndi mbuzi zingapo zophedwa. Phwando limadziwika ndi cholinga chake ndi kukonzekera kwake, ndipo anthu 12 okhala pa tebulo limodzi akukwana. Mwafunsanso pomaliza za pepala limene ophunzira amalembapo zofunika ndi ndondomeko ya chakudya chilichonse. Pamwamba pake lembani kuti kaphikidwe, monga kaphikidwe ka chambo kapena kaphikidwe ka futali, ndipo mndandanda wa zinthu zolowa mumphika muutche zofunika.