Chitowe cha m'Baibulo si chitowe cha m'munda

Mayi ena amene amaphikira banja la anthu a ku Lebanon mumzinda wa Johannesburg atumiza mafunso atatu m'kalata imodzi. Akufuna kulembera achemwali awo kumudzi kaphikidwe kamene aphunzira, koma mawu akuwasowa.

Funso loyamba: "Abwana anga amathira cumin m'nyama ndi m'nyemba. Ine ndinamva kutchalitchi kuti cumin ndiye chitowe. Kodi ndingolemba kuti chitowe?"

Musatero mayi, mungawasocheretse achemwali anuwo. Zimene munamvazo zili ndi gwero lake. Pa Mateyu 23:23, pamene Yesu akudzudzula Afarisi chifukwa chosamala chakhumi cha timbewu ta m'dimba n'kusiya chilungamo, omasulira athu anaika chitowe m'malo mwa cumin, mbewu imene Aarabu amati kammun. Sindikuwanena omasulirawo. Iwo ankafuna kambewu kakang'ono kamene munthu wa kuno akukadziwa, ndipo uthenga unamveka. Koma kukhitchini nkhani ndi ina. Chitowe chathu ndi chija Aarabu amati simsim: njere zake ndi zaphwatalala, zamafuta, ndipo fungo lake limatuluka pokhapokha mutakazinga. Cumin ndi wautali ngati kanjere ka mpunga kowonda, wamizeremizere, wofiirira, ndipo mukangomufikisa m'manja fungo limakwana nyumba yonse. Lembani cumin momwemo, ndipo muwauze kuti akapita m'masitolo a amwenye ku Limbe akafunse jeera, chifukwa dzina limene limayenda kumeneko ndi limenelo.

Chosangalatsa n'chakuti chitowe chenichenicho chili ponseponse m'khitchini imene mukugwiramo ntchitoyo. Tahini amene mumasakaniza ndi tchana chophika, adyo ndi madzi a mandimu popanga hummus ndi chitowe chopera basi. Dzina loti tahini likuchokera ku mawu a Chiarabu otanthauza kupera. Ine ndikanalemba kuti "chiponde cha chitowe", ndipo palibe Mmalawi amene angafunse kawiri. Za'atar amene mumapaka pa buledi pamodzi ndi mafuta a maolivi alinso ndi chitowe chokazinga, mchere, sumac ndi masamba ouma a kachitsamba konunkhira kamene kamamera m'mapiri a ku Lebanon, Syria ndi Palestine. Kachitsambako dzina lake ndi za'atar lomwelo. Kulibe kwathu, choncho musavutike kukapezera dzina.

Funso lachiwiri: "Zonsezi pamodzi nditi chiyani? Zokometsera, zonunkhiritsa kapena zokoleretsa?"

Mawu atatuwa ndi Chichewa chabwino, koma salowa pamodzimodzi. Zokometsera ndi mawu otambalala: mchere, tomato, nsinjiro, anyezi, zonse zimalowa. Zonunkhiritsa ndi zimene ntchito yake yaikulu ili m'mphuno, monga sinamoni kapena cardamom amene Aarabu a ku Saudi Arabia ndi maiko oyandikana nawo amaika mu khofi wolandirira alendo. Kukolera ndi kukwana bwino kwa chinthu m'ndiwo. Timati "mchere wakolera", ndiye kuti sunachepe ndipo sunapyole. Pa mutu wa kalata yanu ikani zokometsera. Aarabu nawonso anachita chimodzimodzi: baharat amene mumathira m'nyama ndi mumpunga, wosakaniza tsabola wakuda, cumin, coriander, sinamoni, cloves ndi zina, dzina lake limangotanthauza zokometsera, ndipo banja lililonse limasakaniza mwa njira yake.

Apa ndingowonjezapo kuti pamene tili ndi dzina lathu tisachite nalo manyazi. Ufa wachikasu umene umasintha mtundu wa mpunga ndi chikasu, muzu womwe uja unapatsa dzina mtundu wachikasu. Ndimamva chisoni ndikamva mwana akudziwa mtunduwo koma muzuwo sanauonepo.

Funso lachitatu: "Ndinalemba kuti sumac amawawa, mnzanga n'kundiseka. Ndinalakwa pati?"

Mnzanuyo waseka zoona. Kuwawa ndi kwa tsabola wa kambuzi kapena mankhwala a malungo. Kuwawasa ndi kwa mandimu, malambe ndi bwemba. Sumac ndi tizipatso tofiira touma topera, ndipo amawawasa. N'chifukwa chake amamuwaza pa anyezi wosaphika ndi pa nyama yootcha pamene ife tikanafinyira ndimu. Loomi wa ku Oman ndi Iraq, amene ndi timandimu towiritsa m'madzi amchere n'kuyanika mpaka kuda, amawawasanso. Wowawa ndi harissa wa ku Tunisia, phala la tsabola wofiira, adyo ndi mafuta, limene bungwe la UNESCO linaika mu 2022 pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu. Mukalemba kuwawa pofuna kunena kuwawasa, achemwali anu athira tsabola m'malo mwa ndimu.

Bwemba ameneyu Aarabu amamutcha tamr hindi, kutanthauza chipatso cha kanjedza cha ku India, ndipo ku Egypt amapangira chakumwa chomasulira kusala m'mwezi wa Ramadan. Komatu mtengowo kwawo kwenikweni ndi kuno ku Africa, umangokula wokha ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Pamenepo lembani bwemba mosakayika.

Mphunzitsi wina wa ku Mangochi wafunsa za agwirizanitsi: "Kodi tinene kuti sumac uyu kapena sumac iyi?"

Aphunzitsi, tayang'anani mawu obwereka amene anakhazikika kale m'khitchini mwathu. Timati adyo wambiri, anyezi wawola, shuga watha, tiyi wazizira. Onsewa anatsata tsabola. Choncho khutu la Mchewa limalandira msanga "sumac uyu", "cumin wokazinga", "baharat wabwino". Mudzamva ena akuti "harissa yambiri", ndipo sindingawachotsere malikisi, chifukwa mawu ena obwereka, monga supu ndi keke, anapita ku gulu la mbale ndi nyemba. Chimene ndingalembe ndi cholembera chofiira ndi kusinthasintha m'ndime imodzi, kuyamba ndi "harissa uyu" n'kumaliza ndi "yatha". Mwana asankhe gulu limodzi ndipo ayende nalo mpaka kumapeto kwa chimangirizo.