Gulu lobulungira, kamlalang'amba, ndi kalembedwe ka nkhani ya Messier 54

Funso: Ndine mphunzitsi wa sayansi. Ndikulemba za Messier 54, gulu la nyenyezi looneka ngati mpira, ndipo ndalitchula kuti "gulu lozungulira la mlalang'amba waufupi". Kodi zikumveka?

Yankho: Aphunzitsi, mawu awiri akukusokonezani apa, "lozungulira" ndi "waufupi".

Chozungulira ndi chonga mphete kapena mkombero. Chonga mpira kapena lalanje timati chobulungira. Messier 54 ndi nyenyezi mazanamazana a zikwi zounjikana mbali zonse, zothithikana kwambiri pakati n'kumatayana m'mbali, choncho ndi gulu lobulungira. Palinso chifukwa china chosiyira mawu anuwo. Wowerenga akaona "gulu lozungulira" afunsa kuti likuzungulira chiyani, ndipo sanalakwe, chifukwa magulu otere amayendadi mozungulira mlalang'amba, womwe ndi khamu lalikulu kwambiri la nyenyezi. Mneni ameneyu msungeni, mudzamufuna m'chiganizo chomwecho: "Gulu lobulungira limazungulira mlalang'amba."

"Waufupi" amanena za msinkhu kapena utali, ndipo m'makutu amayandikana ndi "wapafupi". Chomwe mukufuna kunena n'chakuti mlalang'ambawo ndi wochepa thupi, uli ndi nyenyezi zochepa poyerekeza ndi wathu, womwe uli nazo zoposa mabiliyoni 100. Ntchito imeneyi ndi ya mphatikiram'mbuyo "ka-". Lembani kuti kamlalang'amba. Tikachuluka ndi timilalang'amba, monga kamtengo ndi timitengo, "mi" asagwe. Pomwe ambiri amaterereka ndi pa mgwirizano: akayamba bwino ndi "ka-", kutsogolo amabwerera ku "u-". Osati "kamlalang'amba wa Sagittarius ukung'ambika", koma "kamlalang'amba ka Sagittarius kakung'ambika". Kachizindikiro ka pa ng' nakonso musakaiwale, popanda iko mawuwo atchulidwa ngati "nga" wa mu "ngati".

Funso: Nanga ndinene kuti gululi ndi "la", "la m'" kapena "lochokera ku" kamlalang'ambako? Ndikuona ngati n'chimodzimodzi.

Yankho: Si chimodzimodzi, ndipo apa galamala ikunyamula mfundo ya sayansi.

Charles Messier analiona gululi mu 1778. Kwa zaka zoposa 200 ankaliwerengera pamodzi ndi magulu obulungira a Mlalang'amba wathu, omwe odziwika alipo oposa 150. Mu 1994, Rodrigo Ibata, Gerry Gilmore ndi Mike Irwin anatulukira kamlalang'amba ka Sagittarius, ndipo zinadziwika kuti Messier 54 lili pakatikati pake. Ndiye za gulu ili lembani "la m'kamlalang'amba ka Sagittarius", pakuti "m'" akusonyeza kuti likadali m'kati.

"Lochokera ku" amauza wowerenga kuti gululo linachokako. Mawuwa amayenera Palomar 12, gulu lina lobulungira. Mphamvu yokoka ya Mlalang'amba wathu ikuthothola nyenyezi za kamlalang'ambako pang'onopang'ono, n'kuzisiya mumzere wautali m'njira yomwe kadutsa, ndipo akatswiri amati Palomar 12 linathotholedwa motero. Mukalemba kuti Messier 54 ndi "lochokera ku Sagittarius" mwalisamutsa musanalifunse.

"La" payekha ndi wotakasuka, amangonena umwini. Amathandiza pomwe simukufotokoza malo: "Kamlalang'amba ka Fornax kali ndi magulu akeake obulungira."

Pa Omega Centauri, gulu lobulungira lomwe lili ndi nyenyezi pafupifupi mamiliyoni 10, musalembe "ndi". Akatswiri ambiri amaganiza kuti ndi phata lotsala la kamlalang'amba komwe kanamezedwa kalekale, chifukwa nyenyezi zake si zamsinkhu umodzi ndipo zimasiyana kuchuluka kwa chitsulo. Lembani "likuganiziridwa kuti ndi phata", osati "ndi phata".

Funso: M'buku langa Sagittarius ndi "gulu la nyenyezi", Messier 54 nalonso "gulu la nyenyezi". Ana asokonezeka.

Yankho: Asokonezekadi. Sagittarius woyambayo ndi chithunzi chomwe maso athu amajambula kumwamba. Nyenyezi zake zatalikirana kwambiri, zimangooneka ngati zili pamodzi. Mutchuleni kuti chithunzi cha nyenyezi cha Sagittarius, ndipo mawu oti gulu muwasiyire nyenyezi zomangidwa pamodzi ndi mphamvu yokoka. Kamlalang'amba kaja kanangobwereka dzina chifukwa kamaoneka cha kumeneko.

Maguluwonso ali pawiri. Nsangwe ndi gulu lotayana, la nyenyezi zanthete za zaka pafupifupi mamiliyoni 100. Obulungira ambiri ndi nkhalakale, apitirira zaka mabiliyoni 10.

Polemba mtunda, musangoti "lili pa zaka za kuwala 87,000", ana aziyesa kuti mukunena zaka zakubadwa za gululo. Koyamba masulirani: kuwala kochokera ku Messier 54 kumayenda zaka pafupifupi 87,000 kuti kufike kuno, pa liwiro la makilomita 300,000 pa sekondi. Mukatero, m'ndime zotsatira mutha kufupikitsa.