"Amayi, bwanji ine simundiika pa status?"

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chelstone muno mu Lusaka. Mwana wawo wamkazi wa zaka 11 anakhala nambala 14 m'kalasi temu yathayi. Tsiku lotsekera sukulu, gulu la makolo pa WhatsApp linadzaza ndi zithunzi za malipoti, mphatso ndi makeke. Madzulo ake, akutsuka mbale, mwanayo anafunsa kuti, "Amayi, bwanji ine simundiika pa status? Kodi mumachita nane manyazi?" Mayiwo akundifunsa ngati amuwonjezere tyushoni, kapena amuletse kugwira foni.

Mayi anzanga, tyushoni ndi foni tizipeza kutsogoloku. Mwana wanu sanafunse za masamu. Anafunsa ngati mumamunyadira, ndipo yankho akulidikirabe.

Ndikulankhula ngati munthu amene ndinalakwitsapo. Mnyamata wanga ali mu Giredi 5, pafupifupi usiku uliwonse tikamadya nsima ndinkatchula msuweni wake wa ku Kabwata amene sankachoka pa nambala wani. Ndinkati ndikumulimbikitsa. Loweruka lina ndikuchapa yunifomu, ndinapeza kapepala m'thumba la kabudula, atakapinda mpaka kukula ngati bokosi la machesi. Ndinakafunyulula pang'onopang'ono popeza kanali katanyowa. Anali mayeso a masamu, 52 pa 100. Ine sindimenya ana, choncho sankaopa chikwapu. Ankaopa nkhope yanga. Ndinakhala pansi pambali pa beseni, manja ali thovu lokhalokha, misozi ili m'maso.

Kudziyerekezera ndi ena sikunabwere ndi intaneti. Katswiri wa za maganizo a anthu, Leon Festinger, analemba kale mu 1954 kuti munthu amadziyeza poyang'ana anzake. Kusiyana kwake n'kwakuti amayi athu ankatiyerekezera ndi ana atatu kapena anayi a m'nyumba zoyandikana, pomwe ife tikatsegula foni m'minibasi timaona ana mazana tisanafike n'komwe m'tauni. Uyu wavala mkanjo ndi chipewa pomaliza nesale, uyo akudula keke ku East Park, winayo akulankhula Chingerezi chosalala pa vidiyo. Palibe amaika lipoti la nambala 30. Palibe amajambula kaloba amene watenga kuti phwandolo litheke. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ife akuluakulu tikudziwa zimenezi, komabe mtima umatiwawa. Nanga mwana wa zaka 11?

Tsono za nambala 14. Nambala imangonena za ana ena amene ali m'kalasimo, sinena zimene mwana wanu akudziwa. Kuyambira mu Januwale 2022, pamene boma linachotsa fizi m'sukulu zake mpaka Giredi 12, ana ambiri anabwerera kusukulu ndipo makalasi ena anadzaza kwambiri. Mwana angachite bwino kuposa chaka chatha, nambala yake n'kutsikabe. Pitani mukakhale pansi ndi aphunzitsi ake, muwafunse phunziro limene likumuvuta ndi pamene akukodwa penipeni. Ngati ndi kugawa manambala, mupezereni womuthandiza pamenepo basi. Tyushoni ya maphunziro onse, Loweruka ndi Lamlungu lomwe, imangouza mwana kuti iye yense ndi wolakwika.

Pali kafukufuku amene ndikanakonda ndikanamudziwa kale. Mu 1998 Claudia Mueller ndi Carol Dweck, a pa yunivesite ya Columbia ku America, anapatsa ana a msinkhu ngati wa mwana wanuyu mafunso. Ena anawayamikira kuti ndi anzeru, ena kuti alimbikira. Oyamikiridwa nzeru aja ankakonda kusankha mafunso osavuta, ankafooka msanga akalephera, ndipo ena mwa iwo ananama pouza anzawo malikisi amene anapeza. Nditamva zimenezi ndinakumbukira kapepala ka m'thumba kaja. Choncho ngakhale ana a nambala wani amene akuonetsedwa pa status ali ndi katundu wawo pamutu. Tsiku limene adzakhale nambala 3, adzadziona ngati ndani?

Za foni sindichulutsa. Facebook, Instagram ndi TikTok salola mwana wosakwana zaka 13 kutsegula akaunti, ndiye wanuyo asakhale nayo. Mu 2021 Frances Haugen, amene ankagwira ntchito ku Facebook, anatulutsa zikalata zoonetsa kuti kampaniyo, yomwenso ndi mwini wa Instagram, inkadziwa kuti Instagram imachititsa atsikana ena kuipidwa ndi matupi awo. Mu 2024 dziko la Australia linafika pokhazikitsa lamulo loletsa ana osakwana zaka 16 pamasamba otere. Koma taonani, mwana wanu ma status aja anawaonera pa foni yanu, ndipo ndikukhulupirira kuti anaonanso mmene nkhope yanu inagwera mukuwayang'ana. Gulu la makolo lija litsekeni mawu sabata yotsekera sukulu.

Musathamangire kumuika pa status kuti mumutonthoze. Mukatero adzaphunzira kuti chikondi chanu chimaoneka anthu akachiwonera. Mukafuna kuika chithunzi chake tsiku lina, mufunseni kaye, ndipo chisakhale cha lipoti.

Chimodzi ndikupempheni musachinyalanyaze. Akayamba kukana chakudya, kusowa tulo, kudandaula m'mimba m'mawa uliwonse wa sukulu, kapena kunena kuti "ine ndine wachabe", musati n'zachibwana. Lankhulani ndi mphunzitsi wa uphungu pasukulu pake, kapena imbani 116, nambala yaulere ya Childline, yothandiza ana muno mu Zambia.

Lero madzulo, foni muisiye kuchipinda, mukaime naye pa mbale zomwezo. Muuzeni kuti funso lake munalimva, ndipo simunachitepo naye manyazi. Kenako tchulani chinthu chenicheni chimene munamuona akuchita sabata ino, kaya kusambitsa mng'ono wake osatumidwa, kaya kubwereza samu imodzi katatu mpaka kuipeza. Mnyamata wanga uja nditamupepesa, sanayankhe kanthu tsiku limenelo. Patapita milungu itatu anabwera yekha ndi pepala losapinda n'kuliika patebulo. Linali la 58.