Funsani Tikuyankheni: Nkhani za Anzathu a ku Koleji Mkumano Usanachitike

Funso: Akonzi, ine ndine mlembi wa komiti imene ikukonza mkumano wa anthu amene tinamaliza maphunziro ku Chancellor College, ku Zomba, m'chaka cha 2005. Tinagwirizana kuti tsikulo lisanafike tisindikize kabuku kofotokoza kumene aliyense ali, ntchito imene akugwira komanso za banja lake, ndipo ndinatumiza mafunso pa gulu lathu la WhatsApp. Amene ayankha sakukwana n'theka lomwe, ndipo pafupifupi onsewo ndi mabwana a m'mabanki, maloya, akuluakulu a m'boma ndi anzathu amene ali kunja. Ena angowerenga n'kukhala chete, ena atuluka m'gulumo osatsanzika. Ndakutumizirani mafunsowo kuti muwaone. Kodi kabukuka tikalembe bwanji kuti aliyense alowemo? *Mlembi wa komiti, Lilongwe*

Yankho: Bambo mlembi, mafunso anu tawawerenga, ndipo tikuganiza kuti gwero la vutoli lili momwemo. Mwafunsa dzina, udindo wa kuntchito, madigiri oonjezera, dzina la mkazi kapena mwamuna, chiwerengero cha ana ndi sukulu zimene anawo akuphunzira. Pepala lotere likufanana ndi fomu yofunsira ngongole kubanki, ndipo munthu akaliona amayamba wadziyeza kaye asanalembe kanthu. Amene ali ndi chodzaza m'bokosi lililonse ayankha tsiku lomwelo, pamene amene mabokosi ake atatu akhala opanda kanthu aona kuti kuli bwino kungokhala chete kusiyana n'kuti dzina lake liime pafupi ndi la mnzake amene walemba mizere khumi.

Taganizirani za anthu amene munatuluka nawo mu Great Hall chaka chimenecho. Gulu lalikulu linali la amene anachita maphunziro a uphunzitsi, ndipo ambiri mwa iwo anatumizidwa ku masekondale a boma ndi ku ma CDSS a kumidzi, kumene ena akugwirabe choko mpaka lero. Mphunzitsi amene wakhala zaka zonsezi ku Chitipa kapena ku Nsanje, n'kumatumiza ana a alimi ku yunivesite yomwe ija, ali ndi nkhani yaikulu yoti anene, koma pa fomu yanu nkhani yakeyo ikukwana m'mawu amodzi okha. Alipo amene anapita ku Johannesburg kapena ku Britain ndipo akugwira ntchito yosagwirizana ndi zimene anaphunzira, monga yosamalira okalamba, ndipo ndi ntchito imeneyo amanga nyumba kumudzi ndi kuphunzitsa abale. Alipo amene ankagwira m'mabungwe omwe si aboma mpaka pamene boma la America linaimitsa thandizo lake lambiri lopita kunja kumayambiriro kwa 2025, mapulojekiti n'kutsekedwa. Munthu wotere mukamufunsa udindo wake wa lero, mwamufunsa za bala limene silinapole.

Tikupemphani kuti musinthe mafunsowo, akhale ochepa ndiponso otseguka. Funsani kumene munthu akukhala masiku ano, zimene zimamutangwanitsa tsiku ndi tsiku, ndiponso ngati ili nkhani ya kubanja imene iye mwini angakonde kuti anzake aidziwe. Funso lachiwirili limalola woweruza milandu, mlimi wa soya ndi mayi amene anasiya ntchito kuti asamalire makolo ake odwala kuyankha onse mosachita manyazi. Lachitatulo limasiya chiwongolero m'manja mwa mwini nkhani: wofuna kutchula ana ake asanu awatchula, wofuna kunena za ana a malemu mchemwali wake amene akulera anena, ndipo amene banja lake linatha adumpha funsolo popanda bokosi lopanda kanthu lomuloza chala. Aliyense mumupatse malo ofanana, mizere isanu kapena isanu ndi umodzi, ndipo mayina atsatane molingana ndi zilembo, osati molingana ndi maudindo. Tikudziwa kuti ena adandaula kuti mwawachepetsera malo, koma amenewo adzapeza mpata wokwanira wofotokoza zotsalazo pa tsikulo.

Musadalirenso gulu la WhatsApp lokha. Pagulu munthu amayankha akudziwa kuti maso onse ali pa iye, ndipo akaona mayankho atatu oyamba akuchokera ku London, ku Capital Hill ndi ku likulu la banki, dzanja limalemera. Gawanani mayina m'komitimo, aliyense aimbire foni amene ankagwirizana nawo, makamaka mesho wake wakale (amene ankagona naye chipinda chimodzi ku koleji) kapena amene ankachita naye lendi ku Chikanda, pafupi ndi kolejiyo. Munthu amene sangalembe chilichonse pagulu amatha kucheza theka la ola ndi mnzake amene ankagawana naye sopo ndi shuga. Woimbayo alembe mwachidule, kenako amuwerengere mwini wake zimene walembazo, ndipo zisindikizidwe pokhapokha iye atavomera. Zakumva kwa ena, monga zoti uje anasudzulidwa, uje ali ndi mlandu kukhoti kapena uje akudwala, zisalowe ngakhale zitakhala zoona. Manambala a foni ndi malo enieni a nyumba musawaike m'kabukumo, chifukwa kabuku kakangosanduka PDF sikakhalanso ka gulu lanu lokha, kamafika ngakhale kwa akuba a pa foni amene amanamizira kuti ndi mnzanu wakale amene ali pamavuto.

Pali tsamba limodzi limene simunalitchule, ndipo ife tikuliona ngati lofunika kuposa ena onse, ndilo la anzanu amene anatisiya. M'badwo wanu unali pa koleji nthawi imene Edzi inkatenga achinyamata ophunzira ambiri, popeza ma ARV aulere anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma mu 2004, inu mutatsala pang'ono kumaliza. Kenako kunabwera Covid-19, imene mu Januwale 2021 inatenga anthu ambiri a m'matauni, ndipo ngozi za pamsewu nazo sizinasiye. Lembani dzina, zimene ankaphunzira, kwawo ndi chaka chimene anamwalira, koma chimene chinawapha musachilembe. Musanasindikize, pitani kaye kwa mkazi, mwamuna kapena makolo a malemuwo, muwauze cholinga chanu, mupemphe chithunzi chimene iwo akufuna. Mabanja ena maliro aja anachitika anzake a ku koleji osadziwa, ndipo kufika kwanu, ngakhale patapita zaka, kumakhala chipepeso chimene sanachiyembekezere. Ngati thumba likulola, itanani amasiyewo ku mwambowo osawalipiritsa.

Funso: Ndinamaliza ku Bunda mu 2010, ndipo anzanga akukonza zokakumana kunyanja ku Mangochi kwa masiku awiri. Ntchito yanga inatha chaka chatha, panopa ndikuoda mpunga ku Karonga n'kumagulitsa. Ndili pabanja kwa zaka zingapo koma sitinadalitsidwe ndi mwana. Pa gulu lathu tsiku lililonse pakubwera zithunzi za ana, nyumba zatsopano ndi kukwezedwa pantchito, ndipo ndalama imene akuti tisonkhe ndi yochuluka kwa ine. Kodi ndikalephera kupita ndilakwa? *Wowerenga, Mzuzu*

Yankho: Mayi, simulakwa, ndipo palibe amene ali ndi ngongole yokaonekera ku mkumano. Komabe tikufuna musiyanitse zinthu ziwiri zimene mwaziphatikiza m'kalata yanu, chifukwa ya ndalama ili ndi njira yake ndipo ya mafunso a anthu ili ndi yake.

Pa za ndalama, makomiti ambiri amaika mtengo poyang'ana matumba a amene ali m'komitimo, ndipo amaiwala kuti kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kusiyana pakati pa wolandira mapaundi ndi wolandira makwacha kwakula kwambiri. Lankhulani ndi msungichuma paseri, mumufunse ngati n'zotheka kulipira chakudya cha masana ndi mwambo wa tsiku limodzi lokha, malo ogona mukadzipezere nokha. Mukatero mudzathandizanso ena amene akuvutika mumtima ngati inu koma sakuyankhula. Komiti yanzeru imaika chopereka chochepa chimene aliyense angathe, n'kupempha amene ali nazo kuti aonjezere mwakachetechete, popanda kuika mndandanda wa opereka zambiri pagulu.

Pa za mafunso, tisakunamizeni, adzakufunsani. Kwathu kuno funso loti "Nanga ana alipo angati?" limabwera pamodzi ndi moni, ndipo ambiri olifunsa sakhala ndi mtima woipa, kungoti saganiza. Konzekeranitu yankho lalifupi limene inu ndi amuna anu mwagwirizana, monga lakuti, "Tilipo awiri, tili bwino, nanga kwanu?" ndipo mudzaona kuti ambiri akapatsidwa mpata wonena za kwawo sabwereranso ku funsolo. Wokakamira mumuuze mwaulemu kuti nkhaniyo ndi ya m'nyumba. Za ntchito musazibise n'komwe. Munthu amene anaphunzira za ulimi ndipo akudziwa mtengo wa Kilombero ku Karonga, mtengo wa thiransipoti ndi kumene msika uli, ali pakati penipeni pa zimene anaphunzira. Pakati pa anzanuwo pali ogula zakudya za masukulu ogonera komweko, oyendetsa malo ogona alendo ndi ogwira ntchito m'makampani a mbewu, ndipo sangakukumbukireni pa mwayi uliwonse ngati sakudziwa chimene mukuchita. Zithunzi za pa gulu zija ndi zosankhidwa. Palibe amene amajambula kalata ya ngongole ya nyumbayo. Ngati zikukusowetsani mtendere, tsekani mauthenga a gululo mpaka sabata ya mkumano, muzifunsa mnzanu mmodzi zofunika zokha.

Funso: Ife tinaphunzira ku Polytechnic ku Blantyre. Takangana pa zinthu ziwiri: dzina loti tilembe pa malaya ndi pa kabuku, popeza sukuluyo inasintha dzina, komanso ngati tiitane amene tinayamba nawo koma anabwereza chaka kapena anawidwa (anachotsedwa atalephera mayeso). *Wapampando wa komiti, Blantyre*

Yankho: Bambo wapampando, mu 2021 University of Malawi inagawidwa: Polytechnic inakhala MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS, ndipo Chancellor College ndiyo inatsala ndi dzina la University of Malawi. Bunda inali itachoka kale n'kukhala LUANAR. Ngati munamaliza kusinthaku kusanachitike, satifiketi yanu ndi ya University of Malawi, choncho lembani The Polytechnic monga munkaidziwira, ndipo dzina la MUBAS liikeni m'munsi mwake kapena m'kalata yopempha malo ochitirapo mwambowo, popeza oyang'anira malowo lero ndi iwo.

Pa funso lachiwiri, werengerani chaka chimene munalowa, osati chimene munatuluka. Makoleji athu akhala akutsekedwa kawirikawiri, monga mu 2011 pa mkangano wa ufulu wa aphunzitsi, umene unaimitsa maphunziro ku Chancellor College kwa miyezi yambiri ndipo unakhudzanso Polytechnic, kotero kuti chaka chomalizira sichinena bwino za amene anakhalira limodzi. Amene munali naye pa mzere wa ku kafiteriya muli ma yaro, m'chaka choyamba, ndi wa gulu lanu, kaya anamaliza nanu, kaya anatsalira chaka, kaya anakamalizira kwina. Muitaneni pa foni, osati pagulu, ndipo m'kabukumo musaike chizindikiro chilichonse chosiyanitsa amene anavala gauni ndi amene sanavale. Akakana kubwera, mufunseni ngati angalole kuti dzina lake lokha lilembedwe.