Chuku m'nyumba yomwe ndikufuna kugula

Funso: Ndapeza nyumba ku Rosettenville, dera la mu Johannesburg, koma kuseri kwa kabati ya kuchipinda khoma lada ndi chuku ndipo mukumveka fungo la chinyontho. Wogulitsa akuti ndingopaka penti. Kodi ndigule? Mayi wa ku Johannesburg.

Yankho: Mayi, musafulumire kusaina, chifukwa penti amangobisa chuku koma sachotsa chinyontho chimene chikuchidyetsa. Choyamba dziwani kumene madziwo akuchokera. Ngati khoma latupa m'munsi ndipo pulasitala akuyoyoka ngati ufa, chinyontho chikukwera kuchokera pansi, ndipo kukonza kwake kumadya ndalama zambiri. Madontho a kudenga amasonyeza kuti denga limadontha, zomwe zimabisika m'miyezi ya June ndi July pamene mvula yasiya mu Johannesburg. Nthawi zina vuto limakhala laling'ono, longobwera chifukwa chotseka mazenera m'nyengo yozizira uku mukuyatsa hita ya palafini.

Mapangano ambiri ogulitsira nyumba muno mu South Africa amakhala ndi ndime ya voetstoots, kutanthauza kuti mwagula nyumbayo mmene ilili, pokhapokha mutapereka umboni woti mwiniwake ankadziwa vutolo nalibisa dala, umboni womwe ndi wovuta kuupeza. Lamulo la Property Practitioners Act, lomwe linayamba kugwira ntchito mu February 2022, limalamula ejenti wothandiza kugulitsa nyumba kutenga kwa wogulitsa fomu yosainidwa youlula zolakwika za nyumba. Iitanitseni, muone ngati chinyonthocho chalembedwamo.

Kenako lipirani katswiri woyendera nyumba, ndipo mulembetse m'pangano kuti wogulitsa akonze gwero la madziwo kapena atsitse mtengo.